Bwanji timafuna wozunzidwa akhale mngelo kaye tisanamumvere chisoni?

Nachisale:
Anzanga a pagulu pano, pali nkhani yomwe ikundilemera mumtima ndipo ndikupempha tiikambirane mofatsa. Taonetsetsani masewero otiliritsa misozi aja, kaya ndi ma telenovela a ku Mexico, kaya a ku India, a ku Turkey kapena a ku Nigeria. Munthu wozunzidwa amakhala yemweyemweyo, kungosintha chilankhulo ndi zovala. Ndi mtsikana wofatsa, wosauka, wopemphera, wosayankha mwano. Akammenya amangolira. Akamunamizira amangoyang'ana kumwamba, nyimbo yachisoni ikumveka chapansipansi. Womuzunzayo nayenso timamudziwa akangotulukira. Kumapeto kumabwera wina kudzamupulumutsa, kapena kumapezeka kalata yoti mtsikanayo ndi mwana wa munthu wachuma.

Masewerowa sindidana nawo. Chikundiwawa n'chakuti chifundo chathu chazolowera nkhope imodzi. Tikamva za munthu weniweni amene wachitiridwa nkhanza, timayamba tamuyeza kaye ndi mtsikana wa pa kanema uja. Anali ataledzera? Ankafunako chiyani usiku? Bwanji sakulira? Bwanji anabwererako? Akapezeka ndi banga limodzi, chifundo chimathera pomwepo. Ndipo wovulazidwayo naye anakula akuonera masewero omwewo, ndiye amadziyeza yekha n'kudzipeza wolakwa tisanatsegule n'komwe pakamwa. Mukuiona bwanji?

Bambo a Tadala:
Mayi, pepani, koma mukusenzetsa masewero katundu amene si wawo. Munthu akaweruka kuntchito atatopa amafuna aone woipa akulangidwa, wabwino akupambana, kenako akagone. Ndani amayatsa kanema kuti aphunzire kuweruza milandu? Anthu anayamba kuloza chala ovutika kanema asanabwere.

Nachisale:
Kuloza chala n'kwakale ndithu, bambo. Koma chimene munthu amaona madzulo alionse kwa zaka zambiri sichingomudutsa. Palibe sewero lomwe limanena poyera kuti mkazi wolongolola ayenera kumenyedwa. Limangomuonetsa wolongolola uja ali mbali ya oipa nthawi zonse, ndipo mtima umaphunzira wokha.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiloleni ndiikepo za mbiri, chifukwa mtundu wa masewero umenewu, womwe amautcha melodrama, uli ndi pomwe unayambira. Unakhazikika ku Paris cha m'ma 1800, patangopita zaka zochepa anthu a ku France ataukira ufumu wawo mu 1789. Mlembi wotchuka pa nthawiyo anali Pixérécourt. M'sewero lake la mu 1800 lotchedwa Coelina muli mtsikana wamasiye wosalakwa, komanso bambo amene adani anamuvulaza mpaka kulephera kulankhula. Wozunzidwa wosalankhula analipo kuyambira pachiyambi pomwe. Choonadi chake chimaoneka ndi manja, ndi zipsera, ndi misozi.

Ku London nakonso, mpaka 1843 lamulo linkalola nyumba zochepa zokha za zisudzo, monga Drury Lane ndi Covent Garden, kuonetsa masewero a mawu okhaokha. Nyumba zinazo zinkazemba lamulolo podzaza masewero awo ndi nyimbo. Choncho nyimbo ndi yomwe inkauza anthu kuti uyu mumumvere chisoni, uyu mumuope. Katswiri wina wa zolembalemba, Peter Brooks, anafotokoza mu 1976 kuti masewerowa anakondedwa chifukwa mpingo ndi mfumu zitatha mphamvu, anthu ankafuna kwinakwake komwe chabwino ndi choipa zikuonekera poyera. Njala imeneyo ndi yeniyeni ndipo sindiinyoza. Vuto lake n'lakuti kuti chabwino chioneke poyera chotero, wozunzidwa ayenera kuyeretsedwa mpaka asiye kufanana ndi munthu.

Nambewe:
Zikomo aphunzitsi. Ine ntchito yanga ndi ya uphungu, ndipo zimene mayi Nachisale anenazi ndimakumana nazo kwambiri. Mu 1986 katswiri wa zaupandu wa ku Norway, Nils Christie, anafotokoza mtundu wa munthu amene anthu amavomereza msanga kuti walakwiridwa. Chitsanzo chake chinali gogo amene akuchokera kosamalira m'bale wake wodwala, masanasana, n'kukumana ndi chimunthu chachikulu chosamudziwa, chomwe chikumumenya n'kumulanda chikwama. Wofooka, ali pa ntchito yolemekezeka, ali pamalo posamudzudzula, ndipo womuchita chipongweyo ndi mlendo woopsa.

Tsopano yerekezani ndi zenizeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi amachitiridwa nkhanza zomenyedwa kapena zogonana pa moyo wake, ndipo ambiri mwa iwo wowachitirayo amakhala mwamuna wawo kapena chibwenzi chawo. Ndi munthu amene amadya naye, amene anaberekerana naye ana, amene nthawi zina amamukondabe. Nkhani yotere siikwana mu chikombole cha gogo uja. N'chifukwa chake amayi ambiri akalowa mu ofesi mawu awo oyamba amakhala akuti, mwina zanga si nkhanza kwenikweni.

Wobisa Dzina:
Ndapempha oyendetsa gulu kuti ndilembe popanda dzina. Ine ndinali mmodzi wa amayi amene a Nambewe akunenawo.

Mwamuna amene ndinali naye ankandimenya, koma ine sindinali wofatsa. Ndinkayankha. Tsiku lina ndinamuponyera kapu. Ndinkamwa mowa, nthawi zina limodzi naye. Ndinachokapo n'kubwereranso, osati kamodzi. Nditapita kukadandaula sindinalire, ndinali nditauma gwa, ndinkafotokoza ngati ndikunena za munthu wina. Amene ankalemba mawu anga anandiyang'ana n'kunena kuti sindikuoneka ngati munthu womenyedwa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa bala lomwe linali pankhope, chifukwa ndi omwe ndinkadziuza ndekha usiku.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri chinachitika pambuyo pake. Nditachoka kotheratu, bungwe lina lothandiza amayi linandipempha kuti ndizifotokoza nkhani yanga pa misonkhano. Anali anthu abwino, anandithandiza zedi. Komabe pokonzekera ankandiuza kuti za mowa tisiye, za kapu tisiye, zoti ndinkamusowa nditachoka tisiye, anthu sangamvetse. Ndinavomera. Ndinaphunzira pofunika kupumira, pomwe anthu amapukuta maso. Nkhaniyo ndinainena mpaka ndinayamba kuikhulupirira, ndipo mayi wa m'nkhanimo sanali ine. Anthu akandiona ankatsitsa mawu. Ndikaseka mokweza ndinkaona ngati ndawalakwira. Nditayamba kuvala bwino, bizinezi yanga ikuyenda, ena anayamba kunong'onezana kuti kodi zija zinali zoona. Zinali ngati ndinapatsidwa chovala chimodzi choti ndizivala moyo wonse, ndikachivula ndiye kuti ndinanama.

Ndinasiya kupita ku misonkhanoyo. Zimene anandichitira mwamuna uja zinali nkhanza ngakhale ndinaponya kapu. Chiganizo chimenechi chinanditengera nthawi yaitali kuti ndichinene chonse osadulapo mbali ina.

Nachisale:
Achemwali, zikomo potikhulupirira ndi nkhani yanu. Ndaiwerenga yonse, ndipo ndikukukhulupirirani ndi kapu yomwe.

Bambo a Tadala:
Pepani kwambiri mayi ndi zimene munadutsamo. Palibe chimene munachita chomwe chikanapatsa munthu ufulu wokumenyani. Koma ndifunse ndi mtima wabwino. Kodi a bungwe aja analakwa? Iwo amadziwa omvera awo. Mukanatchula za mowa, theka la anthu likanatseka makutu, ndipo thandizo la amayi ena likanachepa. Nthawi zina pofuna kupambana umaika patsogolo nkhani yomwe anthu angailandire.

Mphunzitsi Wopuma:
Funso lanu, a Tadala, linavutitsapo atsogoleri akuluakulu. Pa 2 March 1955 ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku America, mtsikana wachikuda wazaka 15, Claudette Colvin, anakana kupereka mpando wake m'basi kwa mzungu ndipo apolisi anamugwira. Apa n'kuti kutatsala miyezi 9 kuti mayi wina wachikuda, Rosa Parks, achite zomwezo pa 1 December. Atsogoleri a anthu akuda ankafunafuna mlandu woti aimirirepo, koma Colvin anamusiya. Anali mwana, wochokera kosauka, anamuimbanso mlandu wolimbana ndi wapolisi, ndipo patapita nthawi anakhala ndi pathupi asali pabanja. Ankadziwa kuti adani akanamung'amba. Parks anali mayi wamkulu, wapabanja, wolemekezeka.

Kunyanyala mabasi komwe anthu akuda anayamba Parks atamangidwa kunayenda, ndiye mukhoza kunena kuti anasankha bwino. Koma onani mbali ziwiri izi. Mlandu umene unathetsa tsankho m'mabasi a Montgomery mu 1956, wa Browder v. Gayle, unali ndi amayi anayi odandaula, ndipo Colvin anali mmodzi mwa iwo. Parks sanali nawo. Komanso Parks mwiniwakeyo anamudulira mbiri yake kuti akwane. Kwa zaka zambiri ana asukulu ankauzidwa kuti anali mayi wosoka zovala amene anangotopa miyendo. Zoona zake n'zakuti anali mlembi wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzindawo kuyambira 1943, ndipo mu 1944 anapita kukafufuza nkhani ya Recy Taylor, mayi wachikuda amene anagwiriridwa ndi gulu la azungu. Iye mwini analemba kuti sanatope thupi, anatopa ndi kugonja. Wina anaiwalidwa chifukwa cha banga, winayo anakumbukiridwa atamulanda ukali wake.

Bambo a Tadala:
Ndamva, aphunzitsi. Komabe akanaika Colvin patsogolo mwina kunyanyalako kukanafa sabata yoyamba. Ine ndikuti mlandu uli kwa omvera, osati kwa okonza nkhani.

Nachisale:
Nanga omverawo anawaphunzitsa ndani, bambo? Aliyense amene amadula nkhani kuti ikomere omvera amapambana lero, koma amalimbitsa muyeso womwe udzakanize mtsikana wotsatira.

Mtolankhani:
Ndilankhule monga mmodzi wa odula nkhaniwo. Sitichita izi chifukwa cha nkhanza. Timachita chifukwa zimagwira ntchito, ndipo pali umboni. Mu 2007 akatswiri atatu, Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic, anaonetsa kuti anthu amapereka ndalama zambiri akauzidwa za mtsikana mmodzi wazaka 7 wa ku Mali, dzina lake Rokia, kusiyana ndi akauzidwa za anthu mamiliyoni ambiri omwe ali ndi njala. Atasakaniza nkhani ya Rokia ndi ziwerengero, zopereka zinatsika. Pa 2 September 2015 chithunzi cha Alan Kurdi, kamnyamata ka ku Syria komwe kanapezeka katafa pagombe pafupi ndi Bodrum ku Turkey, chinagwedeza dziko kuposa malipoti onse a zaka zinayi za nkhondo ya ku Syria. Zopereka ku Red Cross ya ku Sweden zinakwera modabwitsa sabata imeneyo, kenako patangopita masabata ochepa zinatsikanso.

Ndiye mkonzi akandifunsa kuti nkhope ya nkhaniyi ndi ndani, ndimadziwa chomwe akufuna: mwana, kapena mayi wonyamula mwana. Mnyamata wazaka 22 amene wathawa nkhondo yomweyo, ali ndi foni m'manja ndi mkwiyo pankhope, salowa tsamba loyamba. Owerenga amamuona ngati chiopsezo. Mtolankhani wa ku America, Gwen Ifill, anadzudzula mu 2004 momwe mawailesi akanema a kwawo amathera masiku ambiri pa mtsikana wachizungu akasowa, pamene atsikana achikuda akasowa sizimveka. Muyeso wa wozunzidwa woyenera uli ndi khungu, uli ndi msinkhu, ulinso ndi maonekedwe.

Nambewe:
Koma tisafike ponena kuti kuonetsa mavuto n'kulakwa. Mu 1955 momwemo Emmett Till, mnyamata wachikuda wazaka 14, anaphedwa mwankhanza ndi azungu ku Mississippi, ku America. Mayi ake, Mamie Till, analamula kuti bokosi litsegulidwe pamaliro ku Chicago, ndipo analola magazini ya Jet kusindikiza zithunzi za nkhope yake yowonongedwa. Palibe amene anawakonzera zonena. Anasankha okha chomwe dziko lione. Kwa ine kusiyana kuli pamenepo: ndani wagwira nkhaniyo, ndipo mwini wake angathe kunena kuti apa ayi?

Yamikani:
Amayi ndi abambo, ndiwonjezere za amuna. M'masewero amenewa mwamuna akamenyedwa ndi mkazi wake, imakhala nthawi yoti anthu aseke. Mnyamata akagwiriridwa ndi munthu wamkulu wamkazi amati wachita mwayi. Mwamuna amaloledwa kukhala woipa kapena mpulumutsi, malo ena palibe. Ndikudziwa anzanga omwe zinawachitikira ali ana ndipo mpaka lero sanauze aliyense kunyumba, chifukwa sanaonepo munthu wofanana nawo akumveredwa chisoni.

Mphunzitsi Wopuma:
Wanena zoona, mwana wanga. Ndipo pali mbali ina yomwe imandiopsa kuposa zonsezi, pamene mtundu wonse wa anthu waphunzitsidwa kudziona ngati mtsikana wosalakwa uja. Mu 1915 ku America kunatuluka filimu ya D. W. Griffith, The Birth of a Nation. Muli mtsikana wachizungu amene akudziponya kuphompho pothawa mwamuna wachikuda, ndipo opulumutsa azungu ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lodana ndi anthu akuda, atakwera pamahatchi. Mamiliyoni a anthu anaionera, inaonetsedwanso ku White House, nyumba ya pulezidenti wa dzikolo. Chaka chomwecho, mu November, gulu la Klan linadzutsidwanso pa Stone Mountain ku Georgia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 linali ndi mamembala mamiliyoni. Anthu omwe ankapachika anzawo m'mitengo ankadziona ngati ndiwo ozunzidwa.

Ku Rwanda wailesi ya RTLM, yomwe inayamba mu 1993, inali ya nyimbo zokoma ndi macheza. Tsiku ndi tsiku inkauza Ahutu kuti Atutsi akubwera kudzawapha ndi kuwabwezera mu ukapolo, ndiye kupha Atutsi kunaoneka ngati kudziteteza. Mu 2003 khoti la United Nations ku Arusha linagamula kuti ena mwa atsogoleri a wailesiyi ndi mkonzi wa nyuzipepala ya Kangura anali olakwa. Anthu akakhulupirira kuti ife ndife oyera ndipo iwo ndi oipa kuyambira kubadwa, chilichonse chimene angachite chimaoneka chololedwa, pakuti m'sewero wosalakwa sangalakwe.

Nachisale:
Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhani ya achemwali athu aja ndi ya aphunzitsiyi n'zolumikizana. Muyeso ndi umodzi: walakwiridwa ndiye kuti ulibe banga. Munthu mmodzi umamuchititsa manyazi ndi kapu yomwe anaponya mpaka kukayika mabala ake. Gulu la anthu umalichotsa manyazi onse, chifukwa popeza linavutikapo, silingakhalenso ndi mlandu.

Thoko M.:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa ine ndimalemba masewero a pa wailesi, ndiye zala zonsezi zikuloza ine. Ndikufuna ndiwaikire kumbuyo pang'ono masewero a misozi. Ndi okhawo omwe kwa zaka zambiri ankaona wantchito wa m'nyumba, mkazi wamasiye, mwana wobadwira kunja kwa banja, ngati munthu woyenera kukhala pakati pa nkhani. Ku Peru mu 1969 kunali telenovela ya mtsikana wantchito amene anaphunzira kuwerenga ndi kusoka, ndipo atsikana ambiri antchito analembetsa sukulu za kwacha n'kugula makina osokera. Ku South Africa mu 1999 sewero la Soul City linaonetsa nkhanza za m'banja, womenyayo ali mwamuna wolemekezeka m'dera. Anansi anatuluka n'kuyamba kumenya mapoto kuti adziwe kuti akumva, ndipo kunamveka malipoti oti m'madera ena anthu anayamba kuchitadi zomwezo. Ku Rwanda komweko, kuyambira 2004, sewero la pa wailesi la Musekeweya limakamba za midzi iwiri yongopeka, osatchula mtundu, ndipo mudzi uliwonse unalakwiridwa komanso unalakwa. Katswiri wofufuza, Elizabeth Paluck, atatsatira omvera kwa chaka chathunthu anapeza kuti zikhulupiriro zawo zamumtima sizinasinthe kwenikweni, koma anasintha pa zomwe ankaona kuti n'zololedwa pakati pa anthu, monga kutsutsa poyera ndi kukwatirana ndi a mtundu wina.

Tsono ndili ndi vuto lenileni pa sewero lomwe ndikulemba pano. Mayi wa m'nkhanimo ndamulemba wamkamwa, wansanje, amakalipira ana akatopa. Olipira sewerolo akufuna ndimufewetse, akuti omvera adzanena kuti akuziyamba dala. Akufunanso kuti kumapeto mwamunayo alape, banja libwerere. Ndikakana, mwina sewero silituluka n'komwe. Mungandilangize bwanji?

Bambo a Tadala:
Mwana wanga, sewero lomwe latuluka lofewa limathandiza anthu kuposa lolimba lomwe lakhala m'kabati. Mufewetseni pang'ono m'magawo oyamba, omvera amukonde, kenako muziulula zinazo.

Nambewe:
Pa mathero paja ndikupempha mulimbe, a Thoko. Kulapa kwa mwamuna womenya, ndi misozi ndi mphatso, ndi gawo la nkhanza zomwezo. Amayi ambiri amabwerera chifukwa cha tsiku lotero. Mukathera pamenepo nyimbo yachimwemwe ikulira, mwauza mayi amene akumvera ali ndi bala kuti apirirebe. Ngati akuumirira kuti alape, alape, koma sewero lipitirire miyezi ingapo kutsogolo kuti tione ngati wasinthadi, ndipo kubwerera kapena kusabwerera akusankhe mayiyo.

Wobisa Dzina:
A Thoko, njira ya bambo a Tadala ikhoza kugwira, bola musamuyeretse kumapeto. Koma chomwe ndikanafuna kumva pa wailesi nthawi imene ija ndi ichi. Pakhale munthu mmodzi m'sewerolo, mwina mnansi amene sagwirizana naye n'komwe, amene anakanganapo naye pa nkhani ya ana. Anthu akamanena kuti mayi uja ndi wamkamwa, iye avomere kuti eya ndi wamkamwa, ine ndemwe wanditukwanapo, koma usiku uno agona kwanga ndipo mawa ndimuperekeza kukadandaula. Asadikire kuti amukonde kaye. Ndipo pokadandaulapo musamulize. Alankhule mouma, asokoneze masiku, aiwale chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira, chifukwa ndi momwe zimakhalira.

Thoko M.:
Mnansi ameneyo ndili naye kale m'gawo lachitatu, koma ndinamulemba ngati wamiseche basi. Ndimubweza m'gawo lachisanu ndi chiwiri kuti akhale iye wotsegula chitseko. Za kusalira pokadandaula ndizilemba momwe mwanenera, mayi, ndipo ndichotsa nyimbo pamalo amenewo. Za mathero ndikakambirana nawo olipirawo sabata yamawa. A Nambewe, ngati mungalole, ndikutumizirani gawo limenelo kumbali kuti mulione ndisanapite nalo.

Nambewe:
Tumizani. Mutumizenso gawo lomwe mwamunayo akuonekera koyamba, ndikufuna ndione ngati omvera angamukonde.